Anesi a ku Benga ndi Mayina Obwereka

Anesi tawaika Loweruka lapitali, ndipo onse amene analankhula pamanda ananama mofanana. Akuti anali mayi ofatsa, aulemu, osadziwa kuyankha munthu. Ine ndinaima kumbuyo, dzuwa likundiwotcha m'khosi, n'kumadzifunsa ngati ndafika pamaliro oyenera. Mayi Marita Nambewe amene ndinagwira nawo ntchito m'holo ya chitukuko pa Benga anali a mtima wapachala, pakamwa pawo panali ngati lumo, ndipo akanamva zonenedwazo akanadzuka n'kufunsa kuti ofatsawo ndi ati. Chimene chinawadya moyo zaka zawo zomaliza palibe anachitchula. Ndichitchula ine, poti ndinalipo, komanso bodza limene linayambitsa zonsezi linalembedwa ndi dzanja langali.

Unesi sanauphunzire. Zaka zambiri anagwira ntchito pa chipatala cha mishoni, kukolopa, kuchapa nsalu za odwala ndi kutaya zonyansa. Koma maso awo sankakolopa nawo. Ankaonetsetsa mmene chilonda amachitsukira, mmene bandeji amaikulungira, ndipo atapuma ntchito n'kubwerera kwawo anthu anangoyamba kuwatchula kuti Anesi, iwo osakana. Ine nthawiyo n'kuti nditangotumizidwa kumene kudzaphunzitsa sukulu ya kwacha ndi zosoka m'holomo. Tsiku lina ndikutseka chitseko ndinapeza mayi wamfupi, wa miyendo ya matewe, ataima kumbuyo kwanga.

"Aphunzitsi, Lachinayi holo ino imachita chiyani?"

"Imapuma, mayi."

"Nyumba imapuma? Ndipatseni kiyi, ndili ndi okalamba osowa pokhala."

"Kiyi ndi wa boma, mayi."

"Okalambanso ndi a boma. Msonkho anakhoma mpaka mano kutha m'kamwa."

Ndinawapatsa, ndipo sindinawauzepo mabwana anga kuti ndinachita kuopa.

Lachinayi lililonse okalamba ankabwera, ena ndi ndodo, ena atagwira phewa la mnzawo. Asanakhale pansi aliyense ankayamba wasonyeza mapazi. Anesi ankati nkhalamba imayamba kufera kumapazi, chifukwa msana sulolanso kuti iwerame, ndipo kupempha mdzukulu kuti aiwenge zikhadabo imachita manyazi. Ndiye ankakhala pakampando, beseni la madzi amchere lili patsogolo, n'kumawenga zikhadabo zokhota ngati nyanga za mbuzi, kuzula matekenya ndi singano yowotcha pamoto, kutsuka zilonda zimene ine ndinkathawa nazo fungo. Pakamwa sipankapuma. Wobwera atamata ndowe pachilonda ankamva zakezake, wolira ankauzidwa kuti alire ndithu koma mwendo asagwedeze. Chisoni, ankatero, sichinatsukepo chilonda cha munthu.

Zamapazi zikatha, amuna ankasoka maukonde a ana awo kapena kukangana pa bawo, amayi ankaluka mphasa ndi kusenda chinangwa choti chikaviikidwe. Pankaphikidwa phala la mgaiwa la mchere wokha, shuga akapezeka ndiye kuti kwagwa Khirisimasi. Chakumasana Anesi ankawomba m'manja kuti onse aimirire, mawondo angaume. Amuna amene anavinapo malipenga ali anyamata ankaguba ndi ndodo zawo, befu ali pakamwa, amayi akuwaseka mpaka misozi. Wokana kuimirira ankamuuza kuti kumanda malo ogona alipo ambiri, asafulumire.

Anakanganapo ndi aliyense. Ansembe atafunsa chifukwa chake Asilamu ankamwa nawo phala la ufa wochokera ku mpingo, iwo anayankha kuti tsiku limene adzapeze chilonda chobatizidwa adzawaitana adzachione. Achinyamata a chipani anabwerapo awiri kudzaima pakhomo kuti wopanda khadi la chipani asalowe. Anesi sanatsutse, kutsutsa kukanakhala kuputa mavu. Anangowathokoza kuti abwera kudzathandiza chitukuko, wina n'kumupatsa beseni la madzi a mafinya kuti akataye, wina mwendo wa gogo wina kuti augwire. Sanabwerenso. Ine ndinabisala m'kona, iwo akuseka.

Amene anawadziwa zaka zomaliza zokha sangakhulupirire zimenezi. Iwo anadziwa gogo wowerama, woyenda khomo ndi khomo atapanira chitini kukhwapa, wolankhula monong'ona, amene ana ankamuthawa kuti mutu sukuyenda. Ofatsa aja anachokera pamenepo. Mutu unkayenda bwinobwino, chimene chinathyoka chinali china, ndipo kuti chimveke ndiyambe ndi chitinicho.

Chipatala cha boma chinali chaulere koma chinali kutali, ndipo kuti nkhalamba ikafikeko pankafunika basi, khadi la chipani losonyeza pa siteji, ndi munthu woiperekeza. Cha mishoni chinali cholipira, koma galimoto yake inkabwera pa holo Lachinayi loyamba la mwezi. Kalekale mzungu wina wamkazi wa kumishoniko, asanabwerere kwawo, anagawa matikiti achikasu kwa okalamba a mpingo amene analipo nthawiyo. Wokhala ndi tikitiyo ankakwera galimoto, kugonekedwa, kulandira mankhwala, osalipira kanthu. Mzunguyo atachoka, atsopano sanaperekedwenso. Lamulo linali lakuti mwini tikiti akamwalira, tikiti ibwezedwe.

Anesi sanabwezepo ndi imodzi yomwe. Pamaliro ankalira mokwanira, kuthandiza kuphika, ndipo potsanzika ankanong'oneza wamasiye kuti pepala lachikasu lija lisatayike. Onse ankasonkhana m'chitini. Nkhalamba ina ikadwala, kaya ndi ya mpingo, kaya ya kumzikiti, kaya yochokera kumpoto yopanda mbale, ankaikhazika pabenchi n'kumaiphunzitsa dzina latsopano ngati katekisimu mpaka iyankhe mosaganiza. Tikiti inalibe chithunzi, anamwino ankasinthasintha, ndipo dalaivala maso ake ankaona msewu wokha. M'mabuku a kuchipatala okalamba a ku Benga sankafa. Munthu ankadwala nyamakazi chaka chino, chaka chamawa n'kubwera atafupika pang'ono ali ndi ng'ala. Kakalata koperekeza wodwala ndinkalemba ndine, poti Anesi cholembera sichinkawamvera. Ndinkalemba mwamantha, chifukwa nthawi imeneyo anthu ankasowa pa zifukwa zochepa kuposa zimenezi. Anesi ankangoti wakufa safuna bedi.

Mwa okalamba onse, amene ankalimbana nawo kwambiri anali a Mhone. Anachokera kumpoto akali mnyamata kudzasodza, n'kukalambira konkuno. Akazi awo anamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Nkhunga, iwo n'kutsala m'kanyumba ka kugombe. Pa bawo panalibe wowaposa, ngakhale Anesi ankalumbira kuti amabisa nkhomo m'chikhatho. A Mhone ankati phala la Anesi ndi madzi otsukira ukonde. Anesi ankati mapazi a Mhone ndi a ng'ona, lumo likutha chifukwa cha iwo. A Mhone ankati nesi wopanda chipewa sanamuonepo, Anesi n'kuyankha kuti msodzi wogwira ntchentche zokha nayenso n'ngwachilendo. Zikatha, a Mhone ankasiya kamulu ka usipa pawindo osanena kuti n'ka yani. Lachinayi limene iwo sanabwere, tonse tinkatukwanidwa popanda chifukwa. Ine ndimati ankakondana, ngakhale onse awiri akanandimenya ndi ndodo ndikananena.

Mwezi wina wotentha, mvula isanagwe, a Mhone anabwera koma pa bawo sanakhale. Anaima atagwira khoma, thukuta lili chuchuchu. Anesi anawakokera kuseri kwa chitseko, ndipo ndinamva akufunsa katatu munthuyo asanavomere kuti masiku awiri adutsa osataya madzi. Mimba inali itatupa ngati chipanda. Mwamwayi linali Lachinayi loyamba, galimoto inali panja. Anesi anatsegula chitini. Tikiti ya mwamuna imene inatsala inali imodzi, ya malemu Banaba Chitsulo, amene tinawaika zaka zitatu m'mbuyomo.

"Imeneyo ayi, Anesi," ndinatero. "Mwana wawo ndi tcheyamani wa chipani."

"Ina ili kuti? Lembani."

Kenako anatembenukira kwa wodwalayo. "A Mhone, kuyambira lero ndinu Banaba Chitsulo."

"Amama, ine adada anandipatsa dzina langa. Chitsulo ndinamuona akutsikira m'manda ndi maso angawa."

"Ndiye mufere pompano ndi dzina lanulo, mikodzo ili m'mimba?"

"Nanga ndikakafera komweko?"

"Simukukafa, mukukakodza. Kwerani."

Anakwera movutikira, ndipo galimoto isananyamuke anagwira dzanja la Anesi.

"Ndikafa mudzanditenge. Mwana wanga adzandione nkhope. Musandisiye kwa alendo, amama."

"Ndidzakutengani ndekha, ngakhale pamsana."

"Yewo," anathokoza a Mhone, n'kusiya dzanjalo.

Uthenga wa matenda tinatumiza ku Nkhunga tsiku lomwelo kudzera mwa wogula nsomba wina. Lachiwiri lotsatira m'mawa dalaivala uja anaima pamsewu, ali paulendo wina, n'kutiitana. Anati Chitsulo wathu wamwalira dzulo madzulo. Madokotala anayesetsa, koma impso zinali zitatopa kale. Anati ndi kutenthaku mtembo sungadikire kupitirira mawa masana, abale abwere ndi kalata ya kumudzi yotsimikiza kuti malemuyo ndi wawo, apo ayi antchito a pachipatala aika okha monga amachitira ndi osowa abale.

Apa ndiye tinagwira njakata. Kalata ya dzina la Mhone inalibe ntchito, poti m'mabuku munalibe Mhone. Kalata ya dzina la Chitsulo inkayenera kudutsa m'manja mwa tcheyamani, munthu amene ananyamula nawo bokosi la bambo ake. Tinathamangira kwa mayi ake, Mayi Chitsulo, amene anatipatsa tikitiyo. Gogoyo anamvetsera, n'kunena kuti chala akhoza kukadinda, kulira mwamuna kawiri si mlandu, koma za kalata tikaonane ndi mwana wawo tokha. Tcheyamaniyo sanali munthu wankhanza. Koma akanadinda akanakhala kuti wanamiza chipani, ndipo akanangomva n'kukhala chete, nayenso akanakhala m'madzi. Anesi anapitabe. Ine ndinatsala pamsewu, ndikuwaona akupatsidwa mpando, akulonjerana, akufunsa za mpunga, posakhalitsa n'kutsanzika. Atandipeza anayamba kulankhula ndisanafunse.

"Ndikanayamba bwanji, aphunzitsi? Kuti bambo anu amwaliranso?"

Lachitatu m'mamawa tinakwera lole ya mpunga. Njira yonse Anesi ankabwereza mawu amodzi, kuti akanena zoona, zivute zitani, munthu analonjezedwa. Ine ndinkadziwa kuti zoonazo zikatuluka matikiti onse alandidwa, ndipo makalata onse aja ali ndi dzina langa pansi. Ndinkapemphera kuti lole iwonongeke panjira. Ndikulemba izi ndi manyazi, koma ndi mmene zinalili.

Kuti ufike pa ofesi ya kalaliki unkadutsa pakhonde la amayi odwala chifuwa chachikulu. Pamenepo panakhala Mayi Asiyatu, a kumzikiti, amene miyezi iwiri m'mbuyomo tinawakweza m'galimoto ali mafupa okhaokha, akutsokomola magazi, atanyamula tikiti ya malemu Elizabeti. Tsikulo anali akudya mango, madzi akuchucha m'chigongono. Atationa anaimirira okha osagwira khoma.

"Anesi! Taonani Elizabeti wanu, masaya abwerera!" ananong'ona akuseka. "Akuti jakisoni watsala wa mwezi umodzi, ndikamaliza ndiye kuti ndachira. Ndikalekeza akuti chimabwerera chokwiya."

Anesi anawagwira masayawo ndi manja onse awiri. Ku chipinda cha amuna kunalinso ena awiri athu, wina maso atamangidwa, onse ndi mayina a anthu akufa.

Kalaliki anali bambo waulemu, wotopa. Anatsegula buku osatiyang'ana.

"Banaba Chitsulo. Mwabwera ndi kalata, mayi?"

"Ayi."

"Ndinu abale ake?"

"Ine ndimayang'anira okalamba ku Benga."

"Nanga abale ake ali kuti?"

Ndinali pambali pa Anesi. Anagwira thabwa la pawindo mpaka zala kuyera. Munthu amene sanasowepo choyankha kwa ansembe kapena kwa achinyamata a chipani anaima ngati wathiridwa madzi. Kalaliki anadzutsa mutu, n'kufunsanso.

"Alibe abale," anatero Anesi.

Bamboyo analemba, n'kutseka buku. Mulungu andikhululukire, mtima wanga unakhala pansi.

Anesi anapempha chinthu chimodzi, kuti asambitse mtembowo okha. Si mwambo kuti mkazi asambitse mwamuna amene si wake, koma wogwira ntchito ku nyumba ya chisoni ankawakumbukira kuyambira masiku okolopa, anawalola. Ine ndinagwira beseni. Anasambitsa pang'onopang'ono, kuyambira kumutu, akulankhula chapansipansi kuti wa pakhomo asamve.

"A Mhone, ndine. Ndabwera monga ndinanenera, koma sindikutengani. Munditukwane, ndamva. Kunjaku kuli Asiyatu, mukumudziwa, uja ankakubisirani ndodo. Ndikanatani, a Mhone? Tandiuzani ndikanatani?"

Anavula chitenje chapamwamba n'kukulunga nacho mutu ndi mapewa a malemuyo. Antchito awiri anakumba kuseri kwa nyumba za anamwino, pamalo oikapo osowa abale. Anesi anayamba nyimbo, mawu n'kuwathera pa mzere woyamba. Mmodzi wa okumbawo, pofuna kupemphera, anafunsa dzina la malemu. Tonse awiri tinayang'ana pansi, iye n'kuwerenga pa kapepala kuti Banaba.

Wogula nsomba uja anachedwa panjira, ndiye Nyamhone, mwana wa malemuwo, anafika Loweruka. Ndinali ndi amayi a zosoka pamene analowa, dengu lili pamutu, muli ufa wa kondowole, usipa ndi bulangeti. Anafunsa mwaulemu kuti adada agonekedwa chipinda chiti kuti akawadikirire. Ndinabalalitsa amayi aja n'kutumiza mawu kwa Anesi. Anabwera, n'kugwada pasimenti pamaso pa mkazi woti akanakhala mwana wawo, ndipo anafotokoza zonse osabisa kalikonse. Nyamhone sanalire. Dengu sanatule n'komwe.

"Ndiye m'buku analemba kuti wamwalira ndani?"

"Chitsulo."

"Ndiye kuti adada sanamwalire?"

Nyamhone anapitiriza osadikira yankho.

"Akwathu akabwera kudzafunsa manda, ndikawasonyeze a Chitsulo? Amama, galu akafa mwini wake amadziwa dzenje. Inu munawalonjeza. Akanafera m'nyumba mwawo ndikanawatseka maso ndine."

"Mwana wanga, kukanene kulikonse kumene ukufuna. Ine ndikavomera."

"Ndikanene kuti? Amuna anga ali pa ntchito ya kumunda wa nzimbe, ndife a kumpoto, tikangotsokomola amatilemba dzina. Mukudziwa kuti sindinganene, n'chifukwa chake mukundiuza."

Apo m'pamene anatula dengu, pakhomo penipeni. Anati chakudyacho tikapatse Chitsulo wathuyo, n'kutuluka. Kulira kwake tinakumva atafika kale pamsewu.

Nkhani sinafike kwa tcheyamani, kapena inafika iye n'kusankha kusamva. Koma kwa okalamba inafika yonse. Lachinayi loyamba la mwezi wotsatira panali bambo wina wa chotupa m'chuuno, woyenera opaleshoni. Anesi anatsegula chitini, tikiti ina ya mwamuna inali itabwerako. Bamboyo anaika manja kumbuyo.

"Pepani, Anesi. Kuli bwino ndifere pamphasa panga, ana andilire ndi dzina langa."

Anesi anamutukwana, sanasunthe. Anamunyengerera, anagwada, anamugwira miyendo dalaivala akuona. Galimoto inabwerera yopanda munthu, ndipo bamboyo tinamuika mpunga usanache. Mayi Asiyatu atabwerako ali bwinobwino anayesa kuwalimbitsa mtima anzawo, koma ankawayankha kuti inu munabwerako, a Mhone ali kuti? Okalamba a kwathu imfa sankaiopa kwenikweni. Ankaopa kukwiriridwa ndi alendo, mzimu n'kumayendayenda osadziwa kuti ukuitanidwa ndani. Choncho matikiti amene Anesi anawapulumutsa pawindo paja anangokhala m'chitini. Anthu anayamba kufa ndi matenda amene kale ankapita nawo n'kubwerako akuseka.

Kenako anayamba kujomba ndi Lachinayi lomwe, poopa kuti akangotsokomola Anesi awagwadira. M'pamene Anesi anayamba kuwalondola m'makomo ndi chitini chija. Ankakhala pakhonde la wodwala tsiku lonse, kulonjeza kuti ulendo uno akagona pansi pa bedi, kuti akafa adzanena zoona ngakhale amangidwe. Koma lonjezo lawo linali litatha mtengo, ndipo iwo ankadziwa. Ndinawaonapo akuthamangitsidwa ndi mpongozi wa wodwala wina, akutola matikiti amene anamwazika pafumbi, akupukuta iliyonse ndi chitenje.

Kamodzi kokha ndinalimba mtima kuwafunsa ngati ankadandaula ndi zimene ananena kwa kalaliki. Anati atati abwerere pawindo paja, Asiyatu ali pakhonde, akhoza kunenanso mawu omwewo, ndipo chimenecho ndicho chinkawalepheretsa kudya. Anati tchimo loti ukhoza kulichitanso sungalilape, ndiye kwa ansembe akanene chiyani? Ku mgonero sanapitenso.

Mwezi watha miyendo yawo inatupa, mpweya n'kuyamba kuchepa. Ndinawapempha kuti akwere galimoto, anakana, anati pawindo paja sangadutsenso. Masiku awiri asanamwalire anandiitanitsa. Pansi pa bedi panali thabwa la mlombwa lopalidwa bwino, limene anasunga zaka zonsezi osapeza mphamvu yopita nalo.

"Aphunzitsi, mulembe dzina lawo lenileni, lonse, ndi utoto wosafufutika. Mukalizike kumutu kwa manda awo, kuchipatala kuja. Kuchokera pa mtengo wa mango muwerenge mapazi khumi ndi awiri molunjika kunyanja. Ndinawerenga tsiku lija, inu mukuyang'ana pansi."

Ndinalemba, ndipo Lolemba, maliro atatha, ndinakwera basi thabwa lili pamiyendo. Kuseri kwa nyumba za anamwino ndinapeza munda wa chinangwa, mizere yowongoka bwino. Mtengo wa mango kulibe, ndi chitsa chomwe. Mlonda anati wabwera posachedwa, anangomva kuti kale cha uko kunkaikidwa anthu, n'kuzunguza dzanja kuloza munda wonse. Ndinayenda m'mizeremo nditakumbatira thabwa, kuyesa apa, kuyesa apo. Ndikanatha kungolizika paliponse n'kubwerako, palibe akanadziwa. Koma pansipo pagona anthu ambiri, ndipo kuteroko kukanakhala kupatsanso wakufa dzina la mnzake. Ndinabwera nalo.

Kunyumba kwanga sindinafune kulowa nalo, ndiye ndinapita ku holo. Mukununkha mileme tsopano. Mabenchi anaunjikidwa kukona, miyendo m'mwamba, ndipo wina wasungamo matumba a mpunga mbali ya kuwindo. Lata limodzi linasasuka, pansi pake simenti yamera ndere. Kukhoma kudakali nsungwi yaitali imene Anesi anamangirira kuti osaona azigwira popita kuseri, yakuda ndi yosalala chifukwa cha manja, ndipo chiswe chayamba kuidya cha kumapeto. Ndinatsamiritsa thabwa pansi pa nsungwiyo, zilembo zikuyang'ana kukhomo. Ndinatsitsa benchi imodzi n'kukhala, kudikira kuti mwina palowa munthu mmodzi yekha wowakumbukira woti ndimuwerengere. Panalowa nkhuku, n'kutuluka. Ndiye ndinawerenga ndekha, mokweza, kawiri: Yotamu Mhone.